Dayiva wa ku Chezi ndi Kabowo ka mu Mtima

Malizani, mwana wa mlongo wanga Faines, anabadwira ku Chezi chaka cha chilala, ndipo n'kutheka n'chifukwa chake anakula akuwaona madzi ngati mdani wa mtundu wathu. Kuti asambe ali mwana pankafunika anthu anayi: awiri ogwira miyendo, mmodzi wa sopo, wina wotchinga pakhomo. Kulira kwake kunkafika ku Ntchisi, moti anthu kumeneko ankatuma mwana kudzafunsa kuti maliro ali kwa yani. Mukamufunsa lero akana. Musamumvere.

Ndiye taganizani m'mene tinadabwira mu 1992, atapita ku Salima kukasaka ganyu, n'kubwerako akuti walembedwa ntchito ya udayiva. Akuti amabereka botolo lachitsulo lodzaza mpweya, amavala magalasi ndi zipsepse za kumapazi, n'kubira pansi pa nyanja kukagwira tinsomba ta m'miyala. Tinsombato akuti amatiika m'mapepala apulasitiki momwe muli madzi, timakwera ndege, ndipo kutsidya kwa nyanja anthu amatisunga m'mabokosi agalasi n'kumangotiyang'ana.

"Kungoyang'ana?" anafunsa Faines. "Osadya?"

"Osadya, amayi."

"Nanga akamaliza kuyang'anako?"

"Amagona, mawa ayambirenso."

Faines anapukusa mutu n'kunena kuti apempherera anthu amenewo.

Poyamba Malizani ankangonyamula mabotolo aja kuchokera m'sitolo kupita m'boti. Amene anamuphunzitsa kusambira ndi Tomasi, kapitawo wa madayiva, munthu wa ku Nkhotakota amene ndikukhulupirira anabadwa ali ndi mamba. Tomasi akuti mwezi woyamba Malizani anamwa madzi ochuluka mpaka asodzi anadandaula kuti nyanja yaphwa. Koma atazolowera anapezeka ndi luso limene anzake a kunyanja analibe. Munthu woti wakula akusankha fodya m'chigafa, kusiyanitsa tsamba lofiirira ndi lofiirira pang'ono, tinsomba tiwiri tofanana sitingamupusitse. Ena ankatulukira ndi nsomba zilizonse. Iye ankatulukira ndi imene bwana waitchula, yamphongo kapena yaikazi, ngati wachita kuiitana dzina.

Kutha kwa mwezi ankabwera kumudzi. Nthawi zina ankafika akudzikanda, pamimba ndi m'mapewa patatuluka mawangamawanga ofiirira ngati munthu wamenyedwa ndi nthambi ya bulugamu. Faines ankati ndi nsikidzi za ku Salima, n'kuwiritsa bulangete lake ngakhale kuti bulangetelo ku Salima silinapiteko. Pofika Lolemba mawanga aja ankazimirira, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Rakele anakumana naye pa matola. Chinali chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana n'kutuluka m'midzi ngati inswa mvula itagwa, boma n'kulemba aphunzitsi mwachangu. Rakele anali mmodzi mwa iwo. Anapatsidwa ana 170 pansi pa mtengo wa mkuyu, bolodi limodzi ndi choko theka. Mtsikana wamfupi, koma akati "Chete!" ngakhale mbuzi za m'mbali mwa bwalo zinkasiya kutafuna. Malizani akuti anamukonda atamva m'mene anamudzudzulira kondakitala amene anaponda mabuku ake.

Vuto linali amalume ake a Rakele, a Elifala, amene anamulera kuyambira ali wamng'ono. A Elifala ndi mkulu wa mpingo, anaphunzira pa mishoni ku Mvera, ndipo amakhala pamwamba pa chitunda chapafupi ndi pomwepo. Munthu wabwino, sindikunyoza. Koma pa nkhani ya mowa mphuno yawo imamva kachasu amene akutchezedwa kuseri kwa phiri, mphepo ikuwombera kwina. Anyamata awiri anali atabwezedwa kale, mmodzi chifukwa choti anamuona ataima pafupi ndi njinga ya munthu wakumwa. Lamulo lawo linali limodzi: Rakele sakwatiwa ndi chidakwa. Anthu a kunyanja ankawakayikira onse, poti amati malo otentha amabala ludzu.

Ine monga nkhoswe ya Malizani ndinakwera chitundacho katatu. Ndinawauza kuti mwanayu chakumwa chake ndi tiyi, ndipo tiyiyonso akaona kuti masamba achuluka amathiramo madzi kuopa kuzunguzika. Ulendo wachitatu anavomera. Chinkhoswe anachiika Loweruka lina mu Okutobala 1995, nthawi ya 2 koloko masana, pakhomo pawo.

Malizani amayenera kufika Lachinayi. Koma kuntchito kunabwera oda ya nsomba inayake yokhala pansi kwambiri, mamita makumi anayi, ndipo ndege yake inali ya Lolemba. Loweruka lomwelo m'mawa iye ndi Tomasi anatsika kawiri, nsomba anazipeza, anatuluka, anavala masuti, n'kukwera matola ya ku Lilongwe.

M'sitolo ya mabotolo muja munali lamulo lolembedwa ndi penti yofiira: ukabira mozama, tsiku lathunthu usakwere ndege, usakwere phiri. Malizani ankalidziwa, ankatha kulinena ngati vesi. Koma kwa iye phiri ndi Mulanje, kapena nsonga ya Ntchisi kumene alendo amakwera ndi zikwama kumsana. Kwathu si kuphiri. Kwathu ndi kwathu basi. Ife a ku Dowa timabadwa tili kale pamwamba, ndiye sitiganiza kuti pobwerera kumudzi tikukwera chilichonse, ngakhale galimoto ikulira magiya kuyambira ku Salima mpaka ku Mvera ngati ng'ombe yomangidwa. Tomasi naye sanadandaule, poti msewu umenewo anali ataudutsa kambirimbiri atangotuluka m'madzi, osamva kanthu.

Anafika pakhomo pa a Elifala anthu atadzaza kale. Ife achimuna tinali titakonza zathu: khasu, nkhwangwa, chikwanje ndi tambala. Tambalayo anandivutitsa sabata yathunthu, chifukwa masiku amenewo ukanyamula tambala wakuda anthu ankati wabweretsa chipani, ukanyamula wina ankati wathawa chipani. Ndinapeza wa mawangamawanga kuti aliyense aonepo zake.

Malizani anakhala pampando pafupi nane, akudzikanda paphewa.

"Iwe, leka zimenezo," ndinamunong'oneza. "Aziti tabweretsa mkamwini wa mphere."

"Amalume, mkonowu ukuchita dzanzi."

"Ndi mantha amenewo. Ine pa chinkhoswe changa ndinachita dzanzi mpaka nsidze."

Inafika nthawi imene aliyense amaidikira, yoti mwamuna aloze mkazi wake. Azimayi a kuchikazi anatulutsa akazi atatu m'nyumba, atafunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akuyenda pang'onopang'ono uku nyimbo ikuimbidwa. Awiri anali Rakele ndi msuweni wake. Wachitatu, pofuna kuseketsa anthu, anali mayi Peggy, akazi awo a Elifala, mayi wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, amene m'chiuno mwawo mungalowe a Rakele atatu n'kutsala malo a mabuku. Ngakhale khanda likanadziwa kuti ameneyo si mkwatibwi.

Malizani anaimirira. Anapita kumanzere, anabwerera kumanja, anapalasa mwendo ngati nkhuku yoponda phulusa lamoto. Anthu anaseka poganiza kuti akuchita dala. Iye akuti panthawiyo ankaona akazi asanu ndi mmodzi, onse akuzungulira. Anatambasula dzanja n'kugwira amene anaoneka kuti waima malo amodzi. Anavundukula chitenje, n'kunena ndi lilime lolemera, bwalo lonse likumva:

"Rakele wanga, ndi uyu."

Anali mayi Peggy. Atatero anabwerera chambuyo n'kukhala pansi m'lichero la achikazi.

Nyimbo inaduka. Tambala yekha ndiye anayankhula.

A Elifala anaimirira, anakonza jekete, anapita pomwe anali Malizani, n'kuwerama. "Tapuma." Malizani anapuma. A Elifala ananunkhiza kamodzi, kawiri. Sanamve kanthu, ndipo zimenezo zinawakwiyitsa kwambiri.

"Ndi mowa wa matipate umenewu," anatero, "wosanunkha. Ankhoswe, nyamulani tambala wanu. Chinkhoswe chathera pano."

"Akulu a mpingo, mwanayu samwa," ndinatero.

"Ndiye kuti akazi anga wawafunsira ali bwinobwino?"



Tomasi ndiye anadumpha mabenchi. Anamasula mabatani a malaya a Malizani, ndipo tonse tinaona pamimba ndi pachifuwa pali mawanga ofiirira ndi akuda, ngati mapu a m'kalasi. Nkhope ya Tomasi inasintha.

"Si mowa uwu, bambo! Ndi mpweya wa pansi pa nyanja! Galimoto ili kuti? Munthuyu atsike kumapiri kuno tsopano lino!"

Panali pikapu ya wogula fodya wina amene anabwera kudzaonerera. Tinamugoneka kumbuyo. Galimoto isananyamuke, chitenje chachiwiri chinavundukuka chokha, Rakele anatulukamo, anakwinya diresi n'kukwera.

"Rakele, tsika!" anakuwa a Elifala.

"Amalume, ndikubwera. Ndikaone kaye ngati chidakwa chimachira ndi mpweya."

Tinatsika msewu wa ku Salima liwiro loti zikwangwani zinkawerengeka zitadutsa kale. Kuntchito kwawo Tomasi anamuika chigoba kukamwa n'kutsegula botolo la okosijeni, akumumwetsa madzi pafupipafupi, kenako tinapita naye kuchipatala komwe anapitiriza zomwezo. M'mawa mwake maso anabwerera, ankaona Rakele mmodzi. Kuyenda kunawongoka patatha masiku atatu, dzanzi la mkono linatenga milungu iwiri. Atangoyamba kuyankhula bwino, funso lake loyamba silinali la mkono.

"Amalume, a Elifala atani?"

"Abweza khasu ndi nkhwangwa. Tambala wakana yekha kubwerera, wapeza anzake."

Malizani anatembenukira kukhoma.

Chimene chinkamuzunguza Tomasi n'chakuti iwo anatsika limodzi, anatuluka limodzi, anakwera matola imodzi, koma iye sanamve ngakhale kuyabwa. A chipatala anatilembera kalata yopita ku Lilongwe, kwa dokotala wina wa mitima amene anali atangobwerera kumudzi kuchokera kunja matipate atayamba. Rakele anapita kwa amalume ake n'kuwauza kuti apite nawo akamve okha. Anakana. Rakele anati ndiye aitanitsa ana ake onse 170 adzaphunzirire pakhonde pawo mpaka avomere. M'mawa wa tsikulo a Elifala anali pa siteji asanafike wina aliyense, Baibulo m'khwapa.

Dokotalayo anali ndi makina aja oonera mwana m'mimba mwa amayi oyembekezera. Anamugoneka Malizani cham'mbali, anamupaka mafuta ozizira pachifuwa, ndipo pa kanema panaoneka chinthu chotuwa chikudumphadumpha.

"Mtima wake ndi umenewo," anatero dokotala. "Uli ndi mbali ziwiri, pakati pali khoma. Tayang'anani kuno."

Anakhutchumula madzi amchere m'jakisoni mpaka anachita thovu, n'kumubaya pamkono. Mbali imodzi ya mtima inayera ndi timathovu. "Kokera mpweya, ukanike ngati ukunyamula thumba la feteleza. Tsopano tulutsa." Malizani atatulutsa mpweya, timathovu tina tinadutsa khoma lija n'kulowa mbali inayo, ngati ana othawa sukulu pa mpanda woboola.

"Mwaona? Pali kabowo."

Anatifotokozera mosathamanga. Munthu akakhala pansi pa madzi akuya, mpweya wina wa m'botolo umasungunukira m'magazi. Akamakwera umatuluka, ndipo akakwera msanga, kapena akapitiriza kukwera mpaka kumapiri, umachita thovu ngati Fanta yotsegulidwa itakhutchumuka. Kwa munthu ngati Tomasi timathovu tochepa timapita ku mapapo, timasefedwa, amatipumira kunja osadziwa. Kwa Malizani tina tinkadutsira pa kabowo kaja, osafika ku mapapo, n'kupita molunjika kukhungu ndi kumutu. Mawanga a kutha kwa mwezi aja anali amenewo. Nsikidzi za ku Salima zinanamiziridwa zaka zitatu.

A Elifala anatsokomola. "Adokotala, ndiyankheni mwachidule. Anamwa kapena sanamwe?"

"Sanamwe, bambo."

"Ngakhale wosanunkha?"

"Ngakhale wosanunkha."

Ine ndinayamba kale kuwerengera m'mutu masiku a chinkhoswe china. Koma a Elifala anali asanamalize.

"Chabwino, ndinamulakwira. Koma tsopano mukundiuza kuti ndipereke mwana wanga kwa munthu wa mtima wobooka? Adzavale zakuda chaka chisanathe?"

"Kabowo kameneka tonse timabadwa nako," anatero dokotala. "Kwa ambiri kamatsekeka tili makanda. Kwa munthu mmodzi mwa anayi alionse sikatsekeka kwenikweni, ndipo ambiri amakalamba nako osadziwa, akulima, akupalasa njinga, akubereka ana."

"Mmodzi mwa anayi?"

"Pafupifupi."

A Elifala anayang'ana m'chipindamo. Kupatula wogona pabedi uja tinalimo anayi: dokotala, Rakele, ine ndi iwo. Ndinawaona milomo ikuwerenga.

"Ine musandiyang'ane," ndinatero. "Wanga anauwotcherera ku Kanengo, ulibe ngakhale msoko."

"Makina ndi awa, bambo," anatero dokotala akumwetulira. "Vulani jekete, mphindi zisanu zokha."

A Elifala anamanga batani la jekete limene linali lomasula. Anati zina ndi bwino azidziwe Mlengi yekha.

Kenako dokotala anatembenukira kwa Malizani, kumwetulira kutatha. Anati pamtunda kabowoko sikamuvutitsa, koma pansi pa madzi akuya n'koopsa, ndipo ulendo wina thovu likhoza kukakhala pa msana kapena mu ubongo osachokanso. Kutseka kabowoko kuno kwathu kunalibe. Akafuna kumalowabe m'madzi, zikhale za pamwamba, mamita khumi, kanthawi kochepa, kukwera pang'onopang'ono, ndipo tsiku limenelo asaone msewu wa ku Dowa. Za mamita makumi anayi aiwale.

"Wamva," anatero a Elifala. "Ine ndilibenso mlandu ndi iwe. Koma Rakele sindimupereka kwa munthu wopita kumene dokotala waletsa. Unene pano."

Malizani anakhala tsonga, mafuta aja akadali pachifuwa. Mwana ameneyu sayankhula zambiri, koma tsiku limenelo ananena zimene sindinamumvepo.

"Bambo, pansi paja simunafikepo. Ukadutsa mamita makumi atatu kumakhala zii, kobiriwira ngati m'tchalitchi anthu asanabwere. Pali mwala wina waukulu kuposa nyumba yanu, ndipo pali nsomba ina yabuluu imene imakhala pamenepo pokha. Ikandiona siithawa. Kumtunda kuno ine ndine Malizani wolephera Fomu 2. Pansi paja palibe ondiposa."

Rakele sanamuthandize, sanamukakamize, anangopinda manja ngati akudikira mwana amalize samu pa bolodi.

"Koma nsombayo singandiphikire tiyi," anatero Malizani pomaliza, akupukuta m'maso ndi mkono wabwino uja. "Zakuya ndasiya."

"Ndi za pamwamba zomwe," anatero a Elifala.

"Ayi, amalume," analowererapo Rakele. "Dokotala wati mamita khumi. Musawonjezere malamulo pa amene alembedwa kale. Munthu mwamulanda mwala wake, musiyireni m'mphepete."

A Elifala anatsegula pakamwa, anayang'ana dokotala, dokotala anayang'ana kudenga. A Elifala anatseka pakamwa.

"Ankhoswe," anatero kwa ine tikutuluka, "khasu lija mubwere nalo. Koma mnyamata wanuyu akapepese kunyumba. Chiitanidwire kuti 'wanga' pagulu, mayi a kwathu akungoyenda chonyada, ndiwo akuthira mchere kawiri."

Chinkhoswe chinachitika mu Novembala, mvula yoyamba itagwa. A Elifala analamula kuti mkamwini afike masiku anayi chisanachitike, ndipo m'mawa uliwonse ankamuyendetsa pa mzere wa mbatata kuti aone ngati akuwongoka. Ukwati unadalitsidwa chaka chotsatira. Rakele anapempha kusamukira ku sukulu ina ya ku Salima, kumene akuti ana ndi 190.

Malizani akadali pa ntchito yomweyo, koma tsopano malo ake ndi m'boti. Amagwira wotchi ndi chingwe, amawerengera anzake mphindi, ndipo wotuluka msanga amamubweza akadikire pa mamita asanu ngakhale alire. Dayiva aliyense watsopano amamufunsa kaye kwawo. Akangoti Dowa, Ntchisi kapena Dedza, Loweruka amamulanda nsapato mpaka Lamulungu masana. M'madzi osaya amalowabe kawiri pa sabata kukasankha tinsomba ta m'mphepete, ndipo kumeneko akuti wayamba kale kuvuta anzake.

Ndinapita nawo m'botimo kamodzi, nditadzimangirira ku mpando ndi lamba wa buluku. Tomasi anatsika kwa mphindi makumi awiri. Nthawi yonseyo Malizani anali chowerama m'mbali mwa boti, diso limodzi pa wotchi, lina pa thovu lotumphuka. Tomasi atangotulutsa mutu, asanalavule n'chopumira chomwe, Malizani anali atafunsa kale.

"Ilipo?"

"Ilipo. Yanenepa."

"Pa mwala womwe uja?"

"Pomwe paja. Yaswa ana."

Malizani anagwedeza mutu, analemba mphindi pa bolodi lake, n'kutambasula dzanja kumukokera mnzakeyo m'boti.